Nyika za Mana Zefa

Ndikukumbukira chaka chimene mapira athu anapserera asanabereke. Ndinali ndi zaka zisanu ndi zitatu kapena kuposerapo pang'ono, sindikudziwa bwino, pakuti kwathu kwa Malemia panalibe amene ankasunga zaka za mwana. Mvula inagwa kamodzi, tinadzala, kenako kumwamba kunangoti mbee. Dzuwa la kuchigwa kuno, limene limaotcha munthu ngakhale ali pamthunzi, linamaliza zotsalazo. Pofika nyengo imene tinayenera kulawa zatsopano, mudzi wonse unali utatembenukira kudambo kukafuna nyika.

Amene anakulira kumtunda mwina nyika saidziwa. Ndi kanthu kokhala ngati mbatata, kakuda, ka khungu lokhakhala, kamene kamakhala m'matope pansi pa akakombo a m'madzi. Munthu amalowa m'madzi mpaka m'chifuwa, n'kumafufuza ndi zala zakumapazi. Akaigunda amamira n'kuizula. Misundu imamuyamwa m'miyendo, ndipo maso amakhala ali kubango chifukwa cha ng'ona. Nyika zikapsa zimanunkha matope ndipo zimawawa pang'ono kukhosi, koma zimagwira m'mimba mpaka mawa.

M'nyumba mwathu tinalimo atatu. Amayi anali atamwalira ine ndili wamng'ono kwambiri, moti nkhope yawo sindiikumbukira. Panatsala Baba, amene ntchito yawo inali yoolotsa anthu pabwato, ndi mlongo wanga wamkulu Zefa, ndi ine. Ndinkamutchula kuti mana Zefa, monga ankaitanirana makolo athu amene anachokera kutsidya kwa Shire. Anali asanakule kwenikweni, koma ndiye ankatunga madzi, kutola nkhuni, kuphika, ndipo chaka chimenecho ndiye ankalowa m'dambo pamodzi ndi amayi akuluakulu a m'mudzi.

Baba ankadyera paokha pakhonde, monga amachitira abambo. Ine ndi mana Zefa tinkadyera kuseri, pafupi ndi mafuwa. Iye ankayamba wapereka za Baba, kenako n'kukhuthulira zotsala palichero n'kuzigawa milu iwiri. Wina ankaukankhira kwa ine, wina kwa iye. Tinkasenda ndi zikhadabo, tikupemerera zala chifukwa cha kutentha, ndipo nthawi zonse tinkamaliza limodzi.

Kusukulu sindinkapita. Inali kutali, ndipo Baba ankati ndidzapita miyendo yanga ikadzatalika. Koma mwana wa anthu oyandikana nafe anali atalawako sukulu, ndipo tsiku lina tikusewera pamchenga anandiphunzitsa kuwerenga m'Chisena, moimba: posi, piri, tatu, nayi, shanu, tanthatu, nomwe, sere, pfemba, khumi. Anandiuzanso chinthu china chimene chinandilowa m'mutu ngati mankhwala. Anati nambala iliyonse imaposa zonse zimene zili kumbuyo kwake. Shanu, ndiye kuti zisanu, imaposa nayi. Pfemba, zisanu ndi zinayi, imaposa zonse kupatula khumi.

Kuyambira pamenepo ndinasanduka wowerenga. Ndinkawerenga mbuzi za anthu, mabwato padooko, akakowa m'mphepete mwa madzi, ngakhale nthiti za galu wathu, zimene chaka chimenecho zinkaoneka zonse. Sizodabwitsa kuti tsiku lina chala changa chinafika palichero.

Zanga zinali shanu. Za mana Zefa zinali pfemba.

Mawa lake ndinawerenganso chamumtima. Zanga nayi, zake nomwe, ndiye kuti zisanu ndi ziwiri. Tsiku lililonse mulu wake unkaposa wanga. Sindinganame kuti maso anga sankaona kuti nyika zanga zinali zikuluzikulu, zina ngati chibakera changa, pamene zake zinali timing'alu tating'onoting'ono. Ndinkaona ndithu. Koma mwana amene wangodziwa kumene chinthu chimodzi amayesa kuti wadziwa zonse, ndipo njala imamuthandiza kukhulupirira zoipa. Maso ankanena zawo, nambala inkanena zake, ine ndinamvera nambala.

Tsiku lina ndinamufunsa. "Mana, bwanji zanu zimakhala zambiri?"

"Chifukwa ndine wamkulu," anayankha, n'kundigenda ndi khungu la nyika pamphumi. "Idya iwe, kamutu ngati ka mlamba. Usandisokose."

Anaseka, koma ine sindinaseke. Ndinasunga nkhaniyo m'mimba pamodzi ndi nyika.

M'masiku omwewo kunabwera azakhali athu, mlongo wa Baba. Anakwatiwa ku Nchalo ndi munthu wodula nzimbe, ndipo kumeneko anthu antchito ankalandira phoso la ufa ndi nyemba. Anafika ndi mwana kumbuyo, pakati pena pali poonekera, atanyamula kamtolo ka ufa kamene tinaphikira phala. Sanabise chimene anadzera. Ankafuna mana Zefa kuti akawalerere mwana.

"Achimwene, ndipatseni mtsikanayu," anatero atakhala pamphasa. "Kwathu akadya kawiri patsiku. Pano mukumudyetsa chiyani? Matope?"

Baba anapukusa mutu. "Mkazi ndinamuika m'manda. Mwana ndimupereke ali moyo? Ayi, mlongo. Ngati ndi matope, tidyera limodzi."

Mana Zefa ankamvera ali kuseri kwa nyumba, ine ndili pambali pake. Anandinong'oneza kuti, "Ine sindipita. Ndikapita, matekenya ako azikuchotsa ndani? Angakumalize zala zonse." Ndinkadziwa kuti sakufuna kupita, ndipo inenso, ngakhale ndinali naye mlandu wa nyika, sindinkafuna kuti apite. Usiku ndinkagona nditagwira nsalu yake. Nkhaniyo inaoneka ngati yatha. Azakhali anati apumula tsiku limodzi n'kubwerera okha.

Masana ake ufa uja unali utatha, ndipo tinabwerera kunyika. Azakhali anakhala nafe kuseri, akuyamwitsa mwana. Mana Zefa anawaikira zawo m'mbale, anapereka za Baba, kenako anagawa milu yathu iwiri monga mwa masiku onse. Ine ndinkafuna kuti mlendo aone kuti ndimadziwa kuwerenga. Ndinayamba ndi mulu wanga, mokweza: posi, piri, tatu, nayi, shanu. Azakhali anaomba m'manja. "Eee, tili ndi kalaliki pamudzi pano!" Chiyamikiro chimenecho chinandikwera kumutu. Ndinapititsa chala pamulu wa mana Zefa, ndipo nditafika pa pfemba, zonse zimene ndinasunga zija zinatuluka.

"Mwaona, azakhali? Zake pfemba, zanga shanu! Tsiku lililonse amatero. Amandibera!"

Mana Zefa anasiya kusenda, nyika ili m'manja. Azakhali sanataye nthawi. Anakweza mawu kuti afike pakhonde. "Achimwene, mwamva? Mtsikana akukula uyu, njala yayamba kumubetsa chakudya cha mlongo wake wamng'ono. Mudikira kuti ayambe kuba kwa anthu? Ndipatseni ine!"

Apo m'pamene ndinazindikira chimene ndinachita. Ndinkangofuna nyika zina ziwiri. Sindinkafuna kupereka mlongo wanga.

Baba anabwera kuseri pang'onopang'ono, akupukuta manja. Ndinayembekezera khofi, kaya kwa ine kaya kwa mana Zefa, koma sanamenye aliyense. Anayang'ana milu iwiri ija nthawi yaitali.

"Musadye," anatero. "Zefa, katenge mbale za mayi ako. Iwe, nyamula lichero. Usasakanize."

Mbale zimenezo zinali zachitsulo, zoyera, zokhala ndi mzere wabuluu m'milomo. Amayi anazigula tsiku limodzi kwa wamalonda mmodzi, ndipo zinali zofanana ngati mapasa. Sitinkadyeramo, zinkangokhala m'dengu. Tinatsetserekera kudooko dzuwa lili paliwombo, mchenga ukuotcha mapazi, azakhali akutitsatira ndi mwana wawo uku akung'ung'udza kuti mlandu wa chakudya sauweruzira kumtsinje.

Baba analowa m'madzi ofika m'mawondo, pamalo odikha kuseri kwa bwato lawo, n'kundiitana kuti ndiime pafupi.

"Iwe wawerenga," anatero, "ndipo wawerenga bwino. Sindikukutsutsa. Koma ine ndikamakweza anthu m'bwato ili sindiwerenga mitu. Ana asanu ndi anayi ndimawaolotsa ulendo umodzi, ndikuimba nyimbo. Amuna asanu onyamula matumba a mchere, ndimauza mmodzi kuti adikire. Amandiuza ndani? Madzi. Ndimaona pamene afika m'mbali mwa bwato. Lero tifunse madzi omwewo."

Anayamba ndi kuyandamitsa mbale zonse ziwiri zopanda kanthu. Zinakhala pamadzi mofanana, zikugwedezeka pang'ono ngati abakha. "Pali yolemera kuposa inzake?" anafunsa. Ndinati palibe. Kenako anandiuza kuti ndiike nyika zanga zisanu m'mbale imodzi ndi manja anga, imodziimodzi, ndipo za mana Zefa m'mbale inayo.

Mbale ya mana Zefa inatsika pang'ono chabe. Inayandama mopepuka, kamphepo kanayamba kuizunguza, moti Baba anachita kuitchinga ndi dzanja kuti isapite kubango. Mbale yanga inatsika nyika iliyonse ikalowa. Nditaika yachisanu, madzi anali atafika pafupi ndi mzere wabuluu, ndipo kafunde kakang'ono kanalumphira m'kati.

Sindinafune kugonja. "Mbale imeneyi ili ndi chibowo," ndinatero.

"Mwina," anayankha Baba, osakwiya. "Tisinthe."

Anakhuthula, anapukuta mbale zonse ndi malaya awo, ndipo tinaika nyika zanga m'mbale imene munali za mana Zefa, zake m'mbale imene munali zanga. Madzi sanasinthe mawu. Kumene kunapita nyika zanga zisanu n'kumene mbale inamira.

Manyazi anandigwira kuyambira kumapazi. Koma pansi pa manyaziwo ndinamvanso kupepukidwa. Madzi anena, mana Zefa si wakuba, ndiye kuti sapita. Ndinayang'ana azakhali. Anali atasiya kung'ung'udza, akuyang'ana mbale yopepuka ija pakamwa pali pululu.

Baba anatola kanyika kamodzi ka mana Zefa n'kukasenda. Khungu litachoka, chimene chinatsala chinali ngati njere ya mtedza. Anasenda kena, chimodzimodzi. Ndinadzamvetsa pambuyo pake chifukwa chimene ankasankhira tating'ono tambiri. Timatenga nthawi kusenda. Manja ake ankakhala otanganidwa mpaka ine nditamaliza zanga, ndipo aliyense woyang'ana akanaona ana awiri akudya limodzi n'kumaliza limodzi.

Baba anatuluka m'madzi n'kupita pamene mana Zefa anaima. Anagwira dzanja lake pamwamba pa chigongono, ndipo chala chawo chachikulu chinakumana ndi chamkombaphala popanda kufinya. Anatsitsa chikope chake n'kuyang'ana m'kati mwa diso. Munali moyera.

"Kuyambira liti?" anafunsa motsitsa mawu.

Mana Zefa anayang'ana pansi. "Iyeyu ndi wamng'ono, Baba. Akagona ndi njala amalira."

"Nanga iwe, umene umalowa m'madzi?"

Baba anakhala pamphuno ya bwato, nkhope ili m'manja. Sindinawaonepo atakhala choncho, ngakhale pamaliro. Tonse tinangoima padzuwa. Mwana wa azakhali yekha ndiye ankalira. Baba atadzutsa mutu, anayang'ana mlongo wawo.

"Mlongo, mawa mupite naye."

Mana Zefa anagwada m'matope momwemo. "Baba, ndidzagawa bwino. Ndalonjeza. Milu idzakhala yofanana, mudzaziona nokha."

"Sudzagawa bwino," anatero Baba. "Ndikukudziwa. Mayi ako analinso chomwecho."

Ine ndinasokonezeka mutu. Ndinathamangira kwa Baba n'kuwakoka malaya. "Koma Baba, madzi anena kuti sanabe! Ndine ndanama! Bwanji akupita?"

Anandigwira m'mapewa. "Akanakhala kuti amaba, ndikanamusunga, mwana wanga. Mwana wakuba safa ndi njala."

M'mawa mwake tinawaperekeza kumsewu kumene ankakwerera lole yopita kumtunda. Mana Zefa sanandikalipire, sananene ngakhale liwu limodzi la nyika zija. Njira yonse ankandiphunzitsa ntchito: kuti moto usamakule kwambiri m'phika ungasweke, kuti nyika ikapsa kamtengo kamalowa mosavuta, kuti madzi akumwa ndizitunga kumtunda kwa dooko osati kumunsi. Lole itafika anandipukuta mamina ndi nsalu yake, anati, "Kamutu ka mlamba, usamalire pamaso pa anthu," koma iye mwini misozi inali ikutsika. Fumbi linawaphimba tisanamalize kukweza manja.

Kuyambira tsiku limenelo Baba anasiya kudyera paokha. Anandiitanira pakhonde, ndipo tinkadya palichero limodzi, popanda milu. Iwo ndiwo ankalowa m'dambo asanapite kukaolotsa anthu. Tikamadya, ine ndinkakankhira nyika zikuluzikulu kumbali kwawo ndi chala, mobisa. Iwo ankazibweza ndi chala chawo, akuyang'ana kumtsinje ngati sakuona kanthu. Nthawi zina nyika imodzi inkayenda uku ndi uku mpaka kuzizira, kenako Baba n'kuiswa pakati. Sitinalankhulepo za zimenezi. Mvula inadzabwera chaka chinacho, mapira anabereka, koma mana Zefa sanabwerere. Azakhali anali ataberekanso, ntchito inali itachuluka, ndipo m'kupita kwa nthawi anakula n'kukwatiwa konko.

Sukulu ndinadzayamba ndevu zitayamba kuonekera, pakati pa tiana tondifika m'chiuno. Ndinkakhala kumbuyo kuti ndisawatchinge. Tsiku lina aphunzitsi athu, bambo wofatsa wochokera kumapiri, analemba 9 ndi 5 pabolodi, n'kujambula pakati pake kachizindikiro kotsegula kukamwa. Anati kameneko ndi kamwa ya ng'ona, imayasamulira nambala yaikulu nthawi zonse. Ana anasangalala. Atandiloza kuti ndinene yaikulu, ndinaimirira. Koma m'malo moyankha ndinafunsa kuti, "Aphunzitsi, zisanu ndi zinayi za chiyani?"

Kalasi yonse inafa ndi kuseka. Aphunzitsi anawakhazika chete, ndipo anandiyankha mwaulemu, ngati munthu wamkulu mnzawo. Anati nambala payokha sinama, 9 imaposa 5 lero ndi mawa. Koma nambala imangonena kuti zinthu zilipo zingati. Sinena kukula kwake, sinena kulemera kwake. Kuti unene kuti wa zisanu ndi zinayi ali ndi chakudya chambiri kuposa wa zisanu, uyambe watsimikiza kuti zinthuzo ndi zofanana. Zikapanda kufanana, siya kuwerenga, yamba kuyeza. Ndinakhala pansi. Zimene Baba anandionetsa padooko zinali zitapeza mawu ake, koma mawuwo sanachotse chimwala chimene chinali pamtima panga. Ndinakula ndikudziwa kuti pakamwa panga ndi pamene panachotsa mlongo wanga pakhomo pa bambo ake.

Tinkaonana pamaliro ndi pamaukwati, monga amachitira abale otalikirana. Nkhani imeneyi sindinaiyambepo. Ndinadzalimba mtima tonse titachita imvi, Baba atapita kale. Mana Zefa ndinamupeza ku Nchalo atakhala pansi pa mtengo wa nimu, maso atayamba kuchita khungu, zidzukulu zikusewera pabwalo. Ndinazungulira nkhani zambiri, za mvula, za miyendo yotupa, kenako ndinati, "Mana, tsiku lija la padooko, ine ndinakulakwirani."

Anaseka mpaka kutsokomola.

"Iwe, zaka zonsezi wasenza zimenezo? Tamvera ndikuuze. Masiku amenewo ndikamira kukazula nyika, potuluka m'madzi maso ankachita mdima. Kawiri konse amayi ena anachita kundikoka tsitsi. Sindinauze munthu. Ukanapanda kufuula tsiku lija, Baba sakanandigwira dzanja, ndipo mwezi usanathe mukanandifuna m'bango."

"Komabe munakulira kwa eni," ndinatero.

"Ndinakulira kwa eni, inde. Zinali zowawa, sindikana. Ndinkakulota usiku uli ndi njala. Koma ndinakula, si ndine pano? Bwera pafupi ndikugwire kumutu, ndione ngati unakula."

Anandisisita padazi ndi dzanja lake lokhakhala, nkhalamba kusisita nkhalamba inzake, zidzukulu zikutiseka. Chaka chotsatira tinamuika.

Sindinganene kuti mawu ake anandimasula kotheratu. Zimene ndinanena pamaso pa azakhali zinali zabodza, ndipo ubwino umene unatulukamo sunali wanga. Koma tsopano, pamene ndakalamba ndipo ana amabwera kwa ine ndi milandu yawo ya uyu walandira zambiri, uyu wandimana, ndikumvetsa chimene Baba anachita. Akanandikhulupirira, mana Zefa akanapita ndi dzina la wakuba. Akanandimenya n'kunditseka pakamwa, mana Zefa akanatsala pakhomo n'kufa mwakachetechete. Iwo sanachite zonse ziwirizi. Anatenga dandaulo la mwana wopusa ngati chinthu choyenera kuyezedwa, ndipo atapeza yankho sanaimire pomwepo, anayang'ana munthu amene anagawa. Ine ndinkafunsa kuti ndani ali ndi zambiri. Funso loyenera, limene linatenga moyo wanga wonse kuti ndiliphunzire, linali lakuti ndani pakati pathu akudya zochepa osanena.